Kuthamanga Sikufika: Nthawi ya Banja ndi Kupezeka pa Anzathu

Ndikudziwa kuti aliyense wasiya kanthu kuti afike pano. Wina watseka okala yake, wina wasiya dimba losathirira, wina wapempha mnzake kuti amugwirireko ntchito. Sindikuzitenga mopepuka zimenezi.

Ndabwera kudzakamba za nthawi yocheza pabanja mopanda phuma, ndi za kupezeka pamene anzathu akutifuna. Ndineneretu kuti sindikulalikira ulesi. Makolo athu adatichenjeza kale kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo munda sulimika ndi macheza. Chimene ndikunena ndi mpata: kanthawi kamene munthu amakasiya dala m'tsiku lake, kopanda ntchito yoikiratu, kuti mwana wake, mkazi wake, mwamuna wake, kholo lake kapena mnansi wake akamufuna amupeze. Mpata umenewu ukutha pakati pathu, ndipo ukutha mwakachetechete.

Ndili ndi mfundo zisanu. Yoyamba, phuma limatseka maso a munthu wabwino. Yachiwiri, mwana sayankhula pa nthawi imene inu mwamuikira. Yachitatu, ndalama imatumizika koma munthu satumizika. Yachinayi, kumvetsera ndi mankhwala. Yachisanu, mpata subwera wokha, umachita kupangidwa. Tiyende nazo imodzi ndi imodzi.

Mfundo yoyamba: phuma limatseka maso a munthu wabwino.

Ambiri muno mukulidziwa fanizo la Msamariya wachifundo la pa Luka 10. Munthu wavulazidwa ndi achifwamba, wagona m'mbali mwa njira. Wansembe wamulambalala, Mlevi wamulambalala, ndipo amene waima ndi mlendo. Tikamamva fanizoli timaganiza kuti awiri oyambawo anali ouma mtima. Koma mverani zimene akatswiri awiri a kaganizidwe ka anthu, John Darley ndi Daniel Batson, adafalitsa mu 1973.

Iwo adatenga ophunzira za ubusa 40 pa sukulu ya ubusa ya Princeton ku America. Aliyense adauzidwa kuti apite ku nyumba ina yapafupi akayankhule kwa kanthawi. Ena adapatsidwa mutu wa ntchito zimene omaliza maphunziro a ubusa angagwire, ena adapatsidwa fanizo lomwelo la Msamariya wachifundo. Ponyamuka, ena adauzidwa kuti achedwa kale ndipo akudikiridwa, afulumire. Ena adauzidwa kuti nthawi ilipo, apite akadikire komweko. Panjirapo akatswiriwo adaikapo munthu wokhala chowerama pakhomo, akutsokomola ndi kubuula ngati wodwala.

Mwa amene adauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 pa 100 alionse adaima kuti athandize. Mwa amene adauzidwa kuti achedwa, 10 okha pa 100 alionse ndiwo adaima. Mutu umene munthu ankapita kukayankhula sudasinthe kwenikweni zinthu. Ena adachita kumulumpha wodwalayo, akuthamangira kukaphunzitsa za Msamariya wachifundo.

Abale anga, anyamata amenewo sanali oipa. Anali anthu odzipereka ku ntchito ya Mulungu. Chimene chidasiyanitsa woima ndi wodutsa chinali phuma basi. Munthu waphuma amaona njira, saona amene wagona m'mbali mwa njira.

Ife Amalawi timadziwa kuima tsoka likabwera ndi phokoso. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, madzi atasefukira ku Mulanje, ku Phalombe, ku Nsanje ndi ku Chikwawa, anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa, anansi ndiwo adayamba kufukula anzawo ndi makasu, mafosholo ndi manja. Palibe adati ndili ndi kochita. Uthenga wa maliro ukafika, timasiya khasu m'munda. Pamenepo tiyamikidwe. Koma masoka ambiri a pabanja alibe phokoso. Mwana amene wayamba kudya mochepa. Mkazi amene wasiya kuseka. Mkulu wathu amene wayamba kubwerabwera madzulo, kukhala pakhonde, kufunsa za mvula, n'kutsanzika osanena chimene wabwerera. Zimenezi sizikuwa. Zimaoneka kwa munthu wodekha yekha, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndibwereze: phuma limatseka maso a munthu wabwino.

Mfundo yachiwiri: mwana sayankhula pa nthawi imene inu mwamuikira.

Amayi muli panowa mundichitire umboni. Nyemba sizipsa ndi moto wa mapesi. Moto wa mapesi umalilima ngati utentha nyumba, pakangopita kanthawi wazima, nyemba zili gwa mumphika. Nyemba zimafuna chikuni chonyeka pang'onopang'ono, ndi munthu wokhala pafupi, wosonkhezera moto ndi kuonjezera madzi. Macheza a kholo ndi mwana alinso chimodzimodzi. Ambiri a ife tikulera ana ndi moto wa mapesi. Sabata yonse sitioneka, ndiye Lamlungu masana timuitana mwana, "Bwera kuno, khala apo, tandiuza, kusukulu zikuyenda bwanji?" Mwana ayankha kuti bwinobwino. "Palibe vuto?" Palibe. Ife tinyamuka mtima uli m'malo, kuganiza kuti tacheza ndi mwana. Nyemba zili gwa.

Mwana amatsegula mtima pamene sakufunsidwa. Amayamba ndi nkhani zosaoneka mutu, za mpira, za mnzake amene wagula nsapato, za mphunzitsi amene amayankhula moseketsa. Pamenepo akukuyesani ngati muli naye. Akaona kuti simukuyang'ana foni, simukumudula pakamwa, simukuthamangira kuweruza, ndiye amaponya ija yeniyeni: kuti pali mwamuna amene amamudikira panjira ya kusukulu, kuti anzake amuyambitsa kumwa mowa, kuti masamu amukanika ndipo akuopa kukuuzani. Nkhani yotere imabwera kumapeto. Kholo lonyamuka msanga siliimva.

Taganizani mmene ambiri a ife tidakulira. Kucheza kunalibe nthawi yakeyake, kunkalowa m'ntchito. Potong'ola chimanga pamphasa, poswa mtedza wa mbewu, popita kuchigayo, potunga madzi, pokazinga chimanga madzulo, manja ali pantchito, maso sakuyang'anizana, pakamwa pankamasuka pokha. Tikadya mgonero, agogo ankakamba nthano, ndipo nthano sinkayenda omvera akapanda kuvomera. Atsikana ankagona kukuka kwa agogo, kumene ankatha kufunsa zimene sakadafunsa mayi awo. Anyamata anali ndi mphala yawo ndi amalume awo. Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino. Panali ana ambiri amene ankaopsezedwa kuti asatsegule pakamwa pamaso pa akulu, ndipo zoipa zambiri zidabisika chifukwa cha mantha amenewo. Koma mwana anali ndi makutu ambiri omuzungulira.

Lero banja la ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chinsapo kapena ku Area 25 lili ndi makutu anayi okha, a bambo ndi a mayi, mwinanso awiri. Makutuwo amanyamuka kusanache kukadikira minibasi, amabwera kutada atatopa. Agogo ali kumudzi. Amalume ali ku Joni. Magetsi akakhalapo, wailesi ya kanema ndiyo imakamba nthano, ndipo aliyense ali chowerama pa foni yake. Kodi mwana ameneyu akafunse ndani? Adzafunsa mnzake wamsinkhu wake, kapena adzafunsa foni, ndipo onsewo ali ndi nthawi yomuyankha.

Wina anena kuti, ine ndimakhala pakhomo tsiku lonse. Kumbukirani chaka cha 2020. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo zidayamba kutsegulidwa mu Sepitembala ndi Okutobala. Ana adakhala pakhomo miyezi yoposa isanu. Ndi m'miyezi yomweyo mmene atsikana ambiri m'maboma athu adatenga mimba ndi kulowa m'mabanja akadali aang'ono. Zifukwa zake n'zambiri, umphawi uli momwemo. Koma chimodzi tidachiona ndi maso: kugona pansi pa denga limodzi sikutanthauza kukhala pamodzi. Mungathe kukhala pakhomo, mwana wanu n'kukusowani.

M'mera mpoyamba. Mwana amene simudamumvetsere za mpira ali ndi zaka 7, sadzakuuzani za chibwenzi ali ndi zaka 17.

Ndipo zimene ndanena za mwanazi zikukhudzanso inu awiri m'nyumba. Mabanja ambiri amene amafika kwa ankhoswe sanayambe ndi ndewu. Adayamba ndi kusowa kocheza. Nkhani zidatsala zitatu zokha: ndiwo, lendi ndi fizi. Tsiku lina mwamuna ndi mkazi amadzazindikira kuti atsala ngati anthu ongosonkherana ndalama, ndipo ankhoswe akufika zinthu zitaonongeka kale.

Mfundo yachitatu: ndalama imatumizika, koma munthu satumizika.

Dziko lino likudziwa bwino za bambo wosapezeka. Kwa zaka zambiri amuna ankalembedwa ntchito ndi bungwe la Wenela, pambuyo pake la Theba, kupita ku migodi ya ku South Africa. Ena adalowera ku mafamu ndi migodi ya ku Zimbabwe, ena ku migodi ya mkuwa ku Zambia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene anali paulendo wobwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchito imeneyi. Amuna amenewa sankathawa mabanja. Ankapita chifukwa cha msonkho, chifukwa cha njala, chifukwa cha chikondi. Ankabwerako ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi ndalama za malata. Koma funsani akuluakulu muno amene adaleredwa nthawi imeneyo. Akuuzani za tsiku limene kudabwera munthu wachilendo ndi sutikesi, mayi n'kunena kuti awa ndi bambo ako, mwana n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Ena sadabwerenso, adasanduka matchona. Malata adafika, koma zaka zimene zidapita sizidabwere.

Lero Wenela kulibe, koma ulendo sudathe. Ana athu ali ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Durban, ena ku Britain. Amatumiza ndalama, ndipo ndalamazo zikulipira fizi, zikugula feteleza, zikumanga nyumba. Mulungu awadalitse. Kwa iwo ndili ndi pempho limodzi, ndipo inu muli nawo abale kumeneko mukawafikitsire. Foni isamalire pa nkhani ya ndalama yokha. Pakhale tsiku lodziwika pa sabata, loimba osathamanga, loyankhula ndi mwana aliyense payekha, lofunsa amayi mmene agonera ndi kudikira kuti ayankhe mpaka amalize. Sikufanana ndi kukhala pakhonde limodzi, koma mwana adziwe kuti mawu a bambo ake si uthenga wa ndalama za pa Mukuru wokha.

Koma amene ndikufuna kuwagwira pamkono ndi ife amene sitinapite kutali. Tasanduka matchona a m'tauni yomweyo. Mnzathu waferedwa, mtunda wa minibasi imodzi, ife titumiza chipepeso pa Airtel Money kapena pa Mpamba, tilemba mawu awiri pa WhatsApp, tatha. Mayi athu adwala kumudzi, titumiza ya mankhwala, tatha. Chipepeso n'chofunika, bokosi limafuna ndalama, ufa wa pamaliro umafuna ndalama. Koma ndalama sigona pasiwa. Ndalama siyimba nyimbo usiku kuti namfedwa asamve kuzizira kwa imfa ali yekha. Ndalama sibweranso patapita sabata zitatu, anthu onse atabalalika, pamene chisoni chenicheni chimayamba. Maliro n'kulirana.

Pitani ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, cha Kamuzu Central ku Lilongwe, cha Zomba kapena cha Mzuzu, mukaone amene timawatcha magadiyani. Munthu wasiya munda wake, wasiya geni yake, wabwera ndi mphika, mbaula ndi chitenje. Amamusambitsa wodwala, amamutembenuza, amamumwetsa phala, amathamangira namwino usiku, amagona pansi masabata. Dokotala amalemba mankhwala, koma amene amaona kuti wodwala wasintha kapumidwe ndi amene wakhala pambali pake. Ambiri mwa iwo ndi amayi, ndipo ambiri ndi osauka kuposa ife amene timatumiza ndalama. Pabanja lililonse pali munthu mmodzi amene amatumidwa kukadikirira odwala chifukwa amati alibe chochita. Tiyeni tinene zoona: ali nazo zochita, koma ndi yekhayo amene amavomera kuzisiya. Tisamusiyire yekha. Wapantchito atenge usiku wa Loweruka. Mwamuna asati kudwazika matenda ndi kwa akazi.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lidzafika limene inuyo mudzagone pabedi, foni ikulira kuti ndalama zalowa, koma wokupatsani madzi akumwa palibe. Ndalama imatumizika, munthu satumizika.

Mfundo yachinayi: kumvetsera ndi mankhwala.

Apa sindikuphiphiritsa. Kwa anansi athu ku Zimbabwe kuli dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda. Ataona kuti madokotala a mtundu wake ndi owerengeka m'dziko lonselo pamene anthu ovutika maganizo ndi ochuluka, adayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare. Adaphunzitsa agogo aakazi, n'kuwaikira mabenchi a matabwa panja pa zipatala zazing'ono. Munthu wolemedwa mumtima amakhala pabenchi ndi gogo, amafotokoza, gogo amamvetsera, kenako amathandizana kusankha vuto limodzi loyambira ndi njira yolithetsera. Amakumana mpaka kasanu ndi kamodzi. Mu 2016 zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 500 zidasindikizidwa: patapita miyezi 6, mwa amene adakhala pabenchi ndi agogo, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, pamene mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50 pa 100 alionse. Agogowo adaphunzitsidwa, inde, ndipo matenda aakulu amafunabe dokotala. Koma chida chawo chachikulu chinali benchi, khutu ndi nthawi.

Ku yunivesite ya Harvard ku America kuli kafukufuku amene adayamba mu 1938. Adatsatira moyo wa amuna 724, ena ophunzira pa yunivesiteyo, ena anyamata a m'madera osauka a mzinda wa Boston, kuyambira unyamata mpaka ukalamba, ndipo tsopano akutsatira ana awo. Adawayeza magazi, adawafunsa za ntchito, za chuma, za mabanja. Chimene adapeza n'chakuti anthu amene anali pa ubale wabwino ndi akazi awo, abale ndi anzawo ali ndi zaka 50, ndiwo anali athanzi ndi osangalala atafika zaka 80. Ubale udalosera thanzi la ukalamba kuposa mmene mafuta a m'magazi adalosera. Ndipo mu 2025 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti munthu mmodzi mwa 6 alionse padziko lapansi akuvutika ndi kusungulumwa, ndipo vutoli ndi lalikulu pakati pa achinyamata komanso m'mayiko osauka. Tisadzinamize kuti ndi matenda a azungu. Makolo athu adaziona kale: kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Abambo, ndiloleni ndiyankhule nanu mwachindunji. Chaka ndi chaka apolisi amalengeza chiwerengero cha anthu odzipha m'dziko muno, ndipo chaka ndi chaka ochuluka kwambiri amakhala amuna. Zifukwa zimene zimatchulidwa ndi ngongole, kusowa ntchito ndi mavuto a m'banja. Tidaleredwa kuti mwamuna salira. Timakumana pa bawo, pa mpira, pa malo omwera, timakamba za ndale mpaka usiku, koma palibe amene amafunsa mnzake kuti, achimwene, mwaonda, chikukudyani n'chiyani? Ndipo tikafunsa, timafunsa tili chiimire, mwendo umodzi uli kale panjira. Munthu amene katapira wamufika pakhosi sangakuuzeni muli chiimire. Amayamba wazungulira, wakhosomola, wakamba za mitengo ya feteleza. Khalani pansi. Musathamangire kulangiza. Musathamangire kumutsegulira vesi asanamalize. Ndipo akakuuzani, zisakamveke kumsika. Mukaona kuti wafika poganiza zochotsa moyo wake, musamusiye yekha, mumuperekeze kuchipatala. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Mwambo wathu wa malonje udapangidwira zimenezi. Mlendo akafika amapatsidwa mpando, amapatsidwa madzi, ndipo moni amabwera atapuma. Amafotokoza za kumene wachokera, mwininyumba amafotokoza za pakhomo, ndipo pochoka timamuperekeza. Ndi kangati pamene mlendo wanena chimene adabwerera muli kale panjira, pafupi kusiyana? Tikasiya kuperekeza alendo, nkhani zimenezo sitidzazimvanso.

Mfundo yachisanu: mpata subwera wokha, umachita kupangidwa.

Ndikumva funso m'mitima mwanu. Wakabaza akuti, ndikaima ana adya chiyani? Mayi wa geni akuti, ndikachoka pamsika kasitomala apita kwa mnzanga. Mlonda akuti, ine ndimagwira usiku. Funso limeneli ndi loona, ndipo sindingaliyankhe mwachibwana. Zinthu zakwera mtengo, ndipo ambiri akuthamanga chifukwa akaima agona ndi njala. Koma tiyeni tione pamene nthawi yathu ikutayikira, chifukwa si yonse imene ikudyedwa ndi kusaka chakudya. Ndikupatsani zinthu zisanu zoti tiyese.

Choyamba, chakudya chimodzi patsiku chidyedwe pamodzi, mafoni ali kuchipinda, wailesi ya kanema itazimitsidwa. Kaya ndi nsima ya bonya, kaya ndi phala la m'mawa kwa amene amagwira usiku. Mukatha kudya musadzuke msanga. Mbale zidikire pang'ono.

Chachiwiri, mutengeni mwana pantchito zimene mukuchita kale. Popita kuchigayo, pokonza njinga, posankha nyemba, pokagula makala. Mmodzi lero, wina mawa, kuti aliyense akhale ndi nthawi imene kholo ndi lake yekha. Izi sizifuna ndalama ngakhale tambala.

Chachitatu, abambo, tigawane ntchito za pakhomo. Kawirikawiri bambo amakhala pampando momasuka chifukwa mayi akuthamanga. Wadzuka kusanache, watunga madzi, wakonzekeretsa ana, wapita ku geni, wabwera, wayatsa mbaula, wachapa. Tikamati banja licheze, mayi ameneyu acheza nthawi yanji? Bambo akasambitsa mwana, mayi apeza mpata wokhala pansi, ndipo bamboyo wapeza nthawi ndi mwana wake. Lamulo la ntchito lidasinthidwa mu 2021 kuti bambo wapantchito azipatsidwa masabata awiri a tchuthi mkazi wake akabereka. Tchuthi chimenecho ndi cha matewera ndi phala la mayi, si cha kokacheza.

Chachinayi, inu olemba anzanu ntchito, kumbukirani kuti wantchito wanu alinso ndi banja. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata, limapereka tsiku lopuma sabata iliyonse, ndiponso tchuthi cha pachaka. Mtsikana amene akulera ana anu, mlonda amene ali pageti panu, mnyamata wa m'shopu yanu, onsewo ali ndi mayi wodwala kapena mwana wowadikira. Si chilungamo kuti banja lanu lipeze mpata pophwanya la mnzanu.

Chachisanu, phunzirani kukana zina, ngakhale zabwino. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Alipo anthu amene amapezeka kwa aliyense kupatula a m'nyumba mwawo. Lolemba komiti, Lachiwiri kwaya, Lachitatu mapemphero a pakati pa sabata, Lachinayi banki m'khonde, Lachisanu mapemphero a usiku wonse, Loweruka ukwati. Mudzi wonse umawatama, ana awo akuleredwa ndi anansi. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, tithandizeni. Musamuyese munthu wokhulupirika powerenga madzulo amene wasiya banja lake. Siyani masiku ena opanda msonkhano, ndipo muwauze anthu anu kuti kukhala pakhomo tsiku limenelo ndi utumikinso. Ndipo tonsefe tisadzaze tsiku mpaka pakamwa. Tsiku lodzaza lilibe polowera mnansi wogogoda. Kumbukirani ophunzira a ku Princeton aja: amene adaima ndi amene anali ndi nthawi yotsala.

Amayi ndi abambo, ndiloleni ndimange mtolo. Phuma limatseka maso a munthu wabwino. Mwana sayankhula pa nthawi imene inu mwamuikira. Ndalama imatumizika, munthu satumizika. Kumvetsera ndi mankhwala. Mpata subwera wokha, umachita kupangidwa.

Ambiri a ife timadziuza kuti tidzacheza ndi ana tikadzamaliza nyumba, tidzapita kumudzi ngongole ikadzatha, tidzamuona mnzathu uja zinthu zikadzakhala bwino. Koma mwana sadikira kuti nyumba ithe, akukula. Kholo silidikira kuti ngongole ithe, likukalamba. Pa 15 Okutobala timanyamula zitenje ndi shuga kupita kwa amayi athu, ndipo n'zabwino, koma chaka chili ndi masiku ena 364, ndipo mayi wokalamba amafuna womufunsa mmene wadzukira kuposa chitenje chachisanu.

Choncho ndikupempha chinthu chimodzi musanatuluke pakhomo ilo. Aliyense atchule mumtima mwake dzina la munthu mmodzi amene wakhala akumuuza kuti ndidzabwera, ndidzaimba, tidzakambirana. Mukumudziwa. Mwina ali m'nyumba mwanu momwe. Sabata ino isathe musanakhale naye pansi. Musapite ndi malangizo, musapite ndi ola lonyamukira. Mukamufunse mmene alili, ndipo akayankha kuti ali bwino, mukakhalebe pompo mpaka akuuzeni zoona.

Mulungu adalitse mabanja anu.